Phunziro 18: Tiyi wosasa, matumbo athu ndi matenda a shuga

CHIGANIZO CHA LERO

Kusasa sikuchotsa shuga yense. Chakumwa si mankhwala.

Tiwerenge chiganizochi katatu, tonse pamodzi. Kenaka aliyense achilembe m'kope mwake.

1. FUNSO LOMWE LINABWERA M'KALASI

Amayi ndi abambo, phunziro ili linayamba ndi funso la mmodzi wa ife.

Tsiku lina madzulo, titamaliza masamu, mayi wina wa m'kalasi mwathu anatulutsa botolo m'dengu lawo. M'botolomo munali madzi ofiirira onga tiyi. Pamwamba pake pankayandama chinthu chotuwa, choterera, chonga chikopa chonyowa. Mayiwo anati mwana wawo wa ku tauni ndiye anabwera nacho. Iye anawauza kuti ameneyu ndi tiyi wosasa, amakonza m'mimba, ndiponso amatsitsa shuga.

Mayiwa ali ndi matenda a shuga. Mwezi uliwonse amayenda ulendo wautali kukatenga mapiritsi ku chipatala. M'dzinja mtsinje umadzaza, ndipo tsiku la ulendo ndi tsiku lotayika kumunda. Tsono anafunsa kuti: "Aphunzitsi, ngati tiyiyu amatsitsa shuga, kodi ndingasiye mapiritsi aja?"

Ife aphunzitsi sitinayankhe tsiku lomwelo. Funso la moyo wa munthu siliyankhidwa mothamanga. Tinakafunsa a zaumoyo, tinawerenga, ndipo lero tabwera nalo yankho.

Yankho lalifupi ndi ili: ayi amayi, musasiye mapiritsi. Yankho lalitali ndilo phunziro lathu. Tiyeni tiliwerenge mofatsa.

2. MATENDA A SHUGA N'CHIYANI?

Tikadya nsima, mbatata, chinangwa, mpunga kapena buledi, thupi limagaya chakudyacho n'kuchisandutsa shuga. Shugayo amalowa m'magazi. Magazi amamutengera ku minofu, ndipo m'minofu amasanduka mphamvu. Ndi mphamvu imeneyi timalima, timasinja, timatunga madzi.

Koma shuga salowa yekha m'minofu. Kuseli kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa kapamba. Kapamba amapanga insulini. Insulini ili ngati munthu wotsegula chitseko pa nthawi yokolola. Akatsegula, matumba a chimanga amalowa m'nyumba. Akapanda kutsegula, matumba amaunjikana pabwalo, pomwe m'nyumba muli njala. Umu ndi momwe zilili ndi matenda a shuga: shuga wadzaza m'magazi, koma minofu ili ndi njala.

Matendawa ali ndi mitundu iwiri ikuluikulu.

Mtundu woyamba: kapamba sapanga insulini. Kawirikawiri umagwira ana ndi achinyamata. Wodwala amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Kale anthu otere ankafa msanga. Mu 1921, Frederick Banting ndi Charles Best, mu mzinda wa Toronto ku Canada, anapeza njira yotengera insulini, ndipo mu 1922 anayamba kubaya odwala. Kuyambira pamenepo, anthuwa amakhala ndi moyo.

Mtundu wachiwiri: insulini ilipo, koma ndi yochepa kapena thupi siliimvera. Umagwira makamaka akuluakulu. Mwa odwala shuga 10 alionse, pafupifupi 9 ali ndi mtundu umenewu. Amayi a m'kalasi mwathu aja alinso ndi mtundu umenewu.

Zizindikiro zake ndi izi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kuonda popanda chifukwa, kutopa, kusaona bwino, zilonda zosapola msanga, ndi dzanzi m'mapazi. Ena amaona nyerere zikusonkhana pomwe akodza. Koma ambiri samva kanthu kwa zaka. Matendawa amadya munthu ngati chiswe m'nsanamira: kunja nsanamira ili bwino, m'kati yatha. Amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi.

Ku chipatala amatenga dontho la magazi pa chala, m'mawa munthu asanadye. Nambala ikafika 126 kapena kupitirira, ndipo akayezanso tsiku lina n'kupeza chimodzimodzi, ndiye kuti ndi matenda a shuga. Makina ena amawerenga mosiyana, ndipo pa makina amenewo nambala yake ndi 7.

Tisaganize kuti awa ndi matenda a anthu olemera okha. Kafukufuku wa m'dziko lathu la Mozambique anapeza kuti mu 2005, mwa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 3 anali ndi shuga. Mu 2015 anali pafupifupi 7. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuti akudwala.

3. M'MATUMBO MWATHU MULI MUNDA

Anthu amati tiyi wosasa amakonza m'mimba. Kuti timvetse mawu amenewa, tiyambe tadziwa za matumbo.

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ndi tambirimbiri, tosawerengeka, ndipo tambiri timakhala m'matumbo aakulu. Tonse tinaphunzira kuti tizilombo timabweretsa matenda monga kolera ndi kamwazi. Zimenezo n'zoona. Koma si tonse toipa. Tina ndi tothandiza.

Mlimi amadziwa kuti nthaka yabwino ndi yamoyo. Muli nyongolotsi, muli mapesi owola. Nthaka yotere imabereka. Matumbo alinso chimodzimodzi. Tizamoyo tabwino timadya mbali ya chakudya yomwe chifu chathu sichitha kugaya: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba. Tikadya zimenezi, timatulutsa zinthu zodyetsa khoma la matumbo. Timathandizanso kuti tizilombo toipa tisapeze malo, ndi kuti munthu asadzimbidwe.

Kwa wodwala shuga pali phindu linanso. Chakudya chagaga chimagayika pang'onopang'ono. Choncho shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono, ngati mvula yamawawa yolowa m'nthaka. Zakumwa zotsekemera zimalowetsa shuga nthawi imodzi, ngati madzi osefukira.

Tikumbukire mfundo iyi: tizamoyo tabwino tilimo kale mwa ife. Chachikulu n'kutidyetsa bwino.

4. TIYI WOSASA N'CHIYANI?

Tiyi wosasa ali ndi dzina lachilendo lakuti kombucha. Anthu a ku China ndi ku Russia akhala akumwa chakumwachi kuyambira kale. A ku Russia amachitcha dzina lotanthauza bowa wa tiyi, chifukwa cha chinthu choterera chija. Koma chimenecho si bowa. Ndi nyumba ya tizamoyo ta mitundu iwiri: yisiti, wonga uja wofufumitsira buledi, ndi mabakiteriya opanga zowawasa.

Kapangidwe kake ndi aka. Munthu amawiritsa madzi, n'kuthiramo masamba a tiyi, omwewa amalimidwa ku Gurúè m'chigawo cha Zambézia. Amathiramo shuga wambiri, pafupifupi masupuni aang'ono 15 pa lita imodzi. Tiyiyo akazirala, amamuthira m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu. Amaikamo chinthu choterera chija pamodzi ndi kapu ya tiyi wosasa wakale. Amaphimba ndi kansalu koyera, n'kumanga ndi chingwe kuti ntchentche zisalowe. Botololo limakhala pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri.

Nanga m'botolomo mumachitika chiyani? Yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi mowa pang'ono. Mabakiteriya amatenga mowawo n'kuusandutsa zowawasa, zonga viniga. Ndiye chifukwa chake chakumwachi chimachita thovu ndipo chimawawasa.

Tsono tamverani apa. Yisiti samaliza shuga yense. Pomwe anthu amati chakumwa chapsa ndipo chikukoma, shuga wina amakhala akadalimo. Kuchuluka kwake sikufanana. Nyengo yotentha ya ku Tete mu Okutobala, chakumwa chimasasa msanga. Nyengo yozizira ya ku Angónia mu Juni, chimachedwa. Botolo la lero ndi botolo la mwezi wamawa sizifanana. Opanga m'mafakitale amayeza ndi makina n'kulemba pa botolo. Ife pakhomo tilibe choyezera, tili ndi lilime lokha. Ndipo lilime limanamizidwa ndi kuwawasa.

Wina anganene kuti: "Ndingolisiya botolo masiku ambiri kuti shuga athe." N'zoona, shuga amachepa. Koma kuwawasa kumakula mpaka chakumwa chisanduka viniga. Viniga wambiri amapweteka m'mimba ndipo amadya mano.

5. ZIMENE TIKUDZIWA KALE: THOBWA

Amayi, inu ndinu akatswiri a nkhani imeneyi, pakuti mumaphika thobwa, lomwe ena amati maheu. Tiyeni tione zomwe manja anu amachita.

Mumaphika phala la ufa wa chimanga. Likayamba kuzirala, mumathiramo chimera cha mawere kapena cha mapira. Kodi phala limatani? Limasungunuka, ndipo limayamba kutsekemera, ngakhale simunathire shuga wa m'sitolo. Kutsekemerako kumachokera kuti? Chimera chimaphwanya ufa n'kuusandutsa shuga, monga momwe thupi limachitira m'mimba. Choncho thobwa la lero lili ndi shuga wambiri, wokonzeka kulowa m'magazi msanga.

Mawa lake thobwa limayamba kusasa. Tizamoyo tadya shuga wina. Mukalisiya masiku ena, limasanduka mowa. Njira yake ndi yomweyo ya tiyi wosasa: shuga, kenaka kuwawasa, pamodzi ndi mowa.

Kwa mlimi wopanda matenda a shuga, thobwa ndi mphamvu ya kumunda. Kwa wodwala shuga, chipanda chodzaza thobwa chimakweza shuga ngati nsima yoonjezera. Ambiri amati: "Ine ndinasiya shuga mu tiyi," koma amamwa thobwa zipanda ziwiri masana. Shuga amene anamuthamangitsa pakhomo walowera pawindo.

Sitikunena kuti thobwa ndi loipa. Tikunena kuti wodwala shuga aziliwerengera ngati chakudya, osati ngati madzi. Ngati amwa, amwe pang'ono, losathira shuga wina, ndipo achepetse nsima ya nthawi imeneyo.

6. KODI OFUFUZA APEZA CHIYANI?

Mawu akuti tiyi wosasa amatsitsa shuga sanangochokera m'mutu mwa mwana wa mayi aja. Ali ndi gwero lake, ndipo gwerolo lili kutali, ku America.

Mu 2023, ofufuza a pa yunivesite ya Georgetown, mu mzinda wa Washington, analengeza zomwe anapeza. Anasankha anthu 12 odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Kwa masabata 4, anthuwo ankamwa kapu imodzi ya tiyi wosasa tsiku lililonse. Nthawi ina, kwa masabata enanso 4, ankamwa chakumwa chofanana naye koma chosasasa. Pa nthawi ya tiyi wosasa, shuga wawo wa m'mawa anatsika kuchoka pa 164 kufika pa 116, tikatenga nambala ya pakati ya gululo.

Nkhaniyi ndi yosangalatsa. Koma tiiganizire ngati alimi. Munthu akabwera ndi mbewu yatsopano n'kunena kuti anaiyesa pa mizere 12 m'chaka chimodzi, kodi tingataye mbewu yathu yonse? Ayi. Tingati: iyesedwe m'minda yambiri, m'zaka zingapo, m'nthaka zosiyanasiyana. Ofufuza eni ake ananenanso zomwezo, kuti anthu 12 ndi ochepa ndipo pakufunika kafukufuku wamkulu. Chakumwa china chija chinatsitsanso nambala pang'ono. Ndiponso tiyi wawo anali wopangidwa ndi akatswiri ndi kuyezedwa. Kafukufukuyo sananene kuti wodwala asiye mankhwala ake.

Mapiritsi a shuga, monga metformin, ayesedwa pa anthu ambirimbiri kwa zaka makumi angapo. Insulini yapulumutsa anthu kwa zaka zoposa 100. Kusiya zimenezi chifukwa cha botolo limodzi kuli ngati kugwetsa nkhokwe chifukwa chomva kuti kutsidya kukubwera chimanga.

7. NGOZI ZOMWE TIYENERA KUDZIWA

Ngozi yoyamba ndi chuku. Pamwamba pa tiyi pakamera madontho aubweya, obiriwira, akuda kapena oyera, ndiye kuti walowa chuku. Osangoyengula pamwamba. Tayani zonse, pamodzi ndi chinthu choterera chija, ndipo tsukani botolo ndi madzi otentha.

Ngozi yachiwiri ndi chotengera. Chakumwa chowawasa chimadya zitsulo ndi utoto. Mu 1998, madokotala a ku Australia analemba za mwamuna ndi mkazi wake omwe anadwala poizoni wa mtovu. Iwo ankasasitsa tiyi wawo mu mtsuko wadothi wopakidwa zonyezimira, ndipo kuwawasa kunatulutsa mtovu m'zopakazo. Choncho osagwiritsa ntchito chitini, poto wa aluminiyamu, kapena mtsuko wopakidwa utoto. Ndipo chigubu chomwe munali mankhwala a fodya, a thonje kapena a m'nkhokwe chisayandikire chakudya, ngakhale mutachitsuka kakhumi.

Ngozi yachitatu ndi kumwa kwambiri. Mu 1995, m'chigawo cha Iowa ku America, amayi awiri omwe ankamwa tiyi wosasa wa pakhomo tsiku ndi tsiku anadwala kwambiri. Magazi awo anachuluka asidi. Mmodzi anamwalira, wina anachira. A zaumoyo sanatsimikize kuti tiyiyo ndiye anachititsa, koma anachenjeza anthu kuti asamale.

Ngozi yachinayi ndi mowa. Tiyi wosasa wa pakhomo amakhala ndi mowa pang'ono, ndipo palibe amadziwa kuchuluka kwake m'botolo lililonse. Mowa sugwirizana ndi mankhwala a shuga. Kwa munthu wobaya insulini kapena womwa mapiritsi ena, mowa ungatsitse shuga mopitirira, makamaka ngati sanadye.

Shuga akatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala ndi chizungulire, ndipo amatha kulankhula zosokonezeka. Anthu angamuyese woledzera. Ngati akutha kumeza, mupatseni msanga masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka, musathire kanthu m'kamwa mwake. Mugonekeni cham'mbali ndipo thamangirani naye ku chipatala.

Pali anthu omwe sayenera kumwa tiyi wosasa wa pakhomo ngakhale pang'ono: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana aang'ono, anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, odwala impso kapena chiwindi, ndi amene akulimbana ndi kusiya mowa. Tikumbukire kuti matenda a shuga akakhalitsa amatha kufooketsa impso munthu osadziwa.

8. MALANGIZO KWA WODWALA AMENE AKUFUNABE KUMWA

Sitili pano kuti tilande munthu botolo lake. Munthu wamkulu amasankha yekha. Koma asankhe akudziwa. Malangizo ndi awa:

Choyamba, pitirizani mankhwala anu monga anakuuzirani ku chipatala.

Chachiwiri, auzeni anamwino kuti mukumwa chakumwachi. Musabise. Iwo ndiwo akudziwa za impso zanu ndi mtundu wa mapiritsi anu.

Chachitatu, musapyole theka la kapu pa tsiku. Imwani pa nthawi ya chakudya, osati m'mimba mopanda kanthu.

Chachinayi, musathiremo shuga, uchi kapena madzi a zipatso kuti chikome.

Chachisanu, sambani m'manja ndi sopo. Madzi akhale owiritsa, botolo likhale lagalasi, nsalu ikhale yochapa.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani tsiku lomwe mwayamba kumwa. Mukapita kukayezetsa, yerekezani nambala yatsopano ndi yakale. Ngati yakwera, siyani.

Chachisanu ndi chiwiri, mukayamba kusanza, kupuma mobanika kapena kufooka kwambiri, siyani kumwa ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

Chakumwa chothetsa ludzu la wodwala shuga ndi madzi abwino. Tiyi wamba wopanda shuga alinso bwino.

9. CHAKUDYA CHA MATUMBO CHILI M'MUNDA MWATHU

Tabwerera ku munda wa m'matumbo uja. Ngati tikufuna tizamoyo tabwino tichuluke, sitifunika kudikira botolo la ku tauni. Chakudya chake tili nacho.

Tili ndi mgaiwa. Tikakonola chimanga n'kuviika mphale, timachotsa gaga ndi mtima wa njere, ndipo gagayo timapatsa nkhumba ndi nkhuku. Ufa woyera ndi wokoma m'kamwa, koma mgaiwa ndiwo wasunga chakudya cha matumbo. Tilinso ndi mapira ndi mawere.

Tili ndi nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Zimenezi zimakhutitsa, ndipo sizikweza shuga msanga. Tili ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru, khwanya ndi therere. M'chilimwe tili ndi mfutso. Tili ndi nsinjiro zotendera. M'madera otentha muli malambe ndi masau. Chipatso tichidye chathunthu ndi pang'ono. Tikachifinya n'kuthira shuga, tataya phindu lake.

Amene ali ndi ng'ombe amadziwa chambiko. Mkaka wosasa uli ndi tizamoyo tabwino, ndipo ndi woyenera ngati sitithiramo shuga. Koma mkakawo uyambe wawiritsidwa, pakuti mkaka wosawiritsa umafalitsa matenda a ng'ombe kwa anthu.

Mbale ya wodwala shuga ikhale motere: theka la mbale ndiwo zamasamba, gawo limodzi nyemba, nsomba kapena dzira, gawo lotsala nsima ya mgaiwa yosaposa chibakera chake. Mgaiwa nawonso ukachuluka umakweza shuga. Adye katatu pa tsiku pa nthawi yake, osati kugona ndi njala masana onse n'kudzadya mtanda waukulu usiku. Aziyenda ndi kugwira ntchito. Madzulo aliwonse aziyang'ana mapazi ake, ndipo asayende opanda nsapato, pakuti minga yaing'ono ingabale chilonda chachikulu.

Chakudya chimenechi si cha wodwala yekha. Banja lonse likamadya chotere, wodwala sakhala ngati mlendo pa mphasa yake.

10. ZOMWE TINAGWIRIZANA

Titawerenga zonsezi m'kalasi, mayi aja anakhala chete kanthawi. Kenaka anati: "Ndamva aphunzitsi. Komatu vuto langa silinali tiyi. Vuto langa ndi mtunda."

Mawu amenewa anatiphunzitsa ife aphunzitsi. Munthu safuna kusiya mankhwala chifukwa cha umbuli wokha. Nthawi zina watopa ndi njira. Tsono kalasi inakambirana. Bambo wina amene ali ndi njinga anati aziwanyamula pa tsiku la chipatala. Amayi awiri anati azipalira munda wawo tsiku limenelo. Tinalemba masiku a chipatala pa pepala n'kulipachika pafupi ndi bolodi.

Pa ulendo wotsatira, mayiwo anatenga khadi lawo la ku chipatala n'kuwerenga okha nambala yomwe anamwino analemba. Chaka chatha sakanatha kutero. Botolo lija akadali nalo. Anamwino anawalola theka la kapu. Mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo, osadumpha.

MAWU ATSOPANO

Tiwerenge ndi kulemba: shuga, kapamba, insulini, matumbo, tizamoyo, yisiti, chimera, chuku, mtovu, gaga.

MAPHATIKIZO

shu-ga
ma-tu-mbo
tho-bwa
chi-me-ra

sa se si so su
mba mbe mbi mbo mbu
tha the thi tho thu

Pezani mawu atatu okhala ndi mba, mbe kapena mbo. Chitsanzo: mbale, mbewu, nyambo.

MALIZITSANI ZIGANIZO

1. Insulini imapangidwa ndi ________.
2. Chimera chimasandutsa ufa kukhala ________.
3. Tiyi akachita ________, titaye zonse.
4. Wodwala shuga asasiye ________.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. N'chifukwa chiyani thobwa limatsekemera ngakhale sitinathire shuga?
2. N'chifukwa chiyani lilime silingatiuze kuchuluka kwa shuga mu tiyi wosasa?
3. Ndani sayenera kumwa tiyi wosasa wa pakhomo?
4. Munthu wodwala shuga akunjenjemera ndipo akutuluka thukuta kumunda. Tichite chiyani?
5. M'mudzi mwathu, n'chiyani chimalepheretsa odwala kukatenga mankhwala? Ife tingathandize bwanji?

MASAMU

1. Mu lita imodzi ya tiyi tathira masupuni aang'ono 15 a shuga. Kodi mu malita 3 tithira masupuni angati?
2. Supuni yaing'ono imodzi ya shuga imalemera pafupifupi magalamu 4. Kodi masupuni 15 ndi magalamu angati?
3. Tiyerekeze kuti mwa masupuni 15 aja, yisiti wadya 7. Atsala angati? Lita imodzi imadzaza makapu 4. Kodi m'kapu iliyonse muli masupuni angati a shuga?
4. Munthu amathira masupuni 3 a shuga mu tiyi m'mawa uliwonse. Kodi pa sabata amadya masupuni angati? Nanga pa masiku 30?

NTCHITO YA M'KALASI

Tengani makapu awiri a madzi abwino. M'kapu iliyonse thirani masupuni aang'ono 2 a shuga. M'kapu imodzi finyiranimo ndimu. Anthu awiri opanda matenda a shuga alawe, osawauza zomwe mwathira. Afunseni kuti kapu ya shuga wambiri ndi iti. Kenaka auzeni zoona. Kambiranani zomwe mwaphunzira.

NTCHITO YA KUNYUMBA

Lembani zakudya zonse ndi zakumwa zonse zomwe banja lanu ladya dzulo. Ikani chizindikiro pa zomwe zimadyetsa matumbo. Ngati panyumba pali munthu wa ludzu losatha ndi wokodza pafupipafupi, muwerengereni gawo 2 la phunziroli, ndipo muperekezeni kukayezetsa.

TIKUMBUKIRE

Tiyi wosasa ndi thobwa zili ndi shuga.
Kuwawasa kumabisa kutsekemera.
Matumbo amafuna mgaiwa, nyemba ndi masamba.
Wodwala shuga asasiye mankhwala ake.
Tsiku la chipatala, timuperekeze mnzathu.